ZOKOMETSERA MAU SIZICIRITSA NYIMBO YODWALA

Munthu woyenda m'tinjira ta ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere kapena George madzulo a tsiku Loweruka sangalephere kumva kugunda kwa nyimbo kocokera m'kacipinda kotseka citseko ndi zenera lomwe. Nyimboyo imayamba, n'kuima, n'kubwerera pambuyo, n'kuyambanso pomwe paja. Si wailesi ai, ndipo si phwando la ukwati. M'katimo muli mnyamata, kapena msungwana, amene wakhala pa kompyuta ndi mahedifoni kumutu, alikulimbana ndi mau amene akana kumveka monga momwe mwini wace afunira.

Tizipinda totere ndito situdiyo za masiku ano. Katundu wace ndi wocepa: laputopu, maikolofoni imodzi, masipika awiri, ndi kabokosi kolumikiza maikolofoniyo ku kompyuta, kamene eni ace amakacha sound card. Kumeneko ndiko kupita oimba acinyamata, makwaya a m'machalichi, ngakhalenso amalonda ofuna kulengeza katundu wao. Ambiri a iwo amabwera ndi ndalama zimene anazisunga kwa miyezi, ena pogulitsa ndiwo pamsika, ena pophwanya miyala m'mbali mwa mseu. Nyimbo ikatuluka yolira ngati njuci, kapena mau ace ali ophwanyika, ndalama zija zapita pacabe, a wailesi sangaiulutse, ndipo mbiri yoipa ya wojambulayo imafika msanga kumathero a komboni.

Pofuna kuthawa manyazi otere, wophunzira nchitoyi amathamangira ku zokometsera mau, zimene pa Cingerezi azicha ma effects. Amaika cimodzi, osakhutira. Amaonjeza cina, ndi cinanso, kufikira nyimbo yonse isowa mutu wace. Apa ndipo pagona vuto. Zokometsera mau zili ngati mcere ndi tsabola m'ndiwo: zikometsa cimene caphikidwa bwino, koma sizingabweze nsomba yoola. Wofuna kukonza colakwa ayenera kuyamba wapeza pomwe cabisala, ndipo cida cocipezera ndi khutu.

KALE KUJAMBULA UNALI ULENDO

Makolo a oimba a lero analibe mwai umene ana ao ali nao. M'zaka za m'ma 1950, a Alick Nkhata, amene dzina lao lili pa mseu wodutsa m'mbali mwa Kalingalinga, ankajambula nyimbo ku nyumba ya wailesi mu Lusaka, pakuti makina otere sankapezeka m'nyumba za anthu wamba. M'zaka za m'ma 1970, a Kenneth Kaunda, Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Oimba anacuruka, koma malo ojambulira anali owerengeka. Mu Lusaka munali DB Studios, kumene gulu la WITCH linajambula cimbale cace ca mu 1975 cochedwa Lazy Bones. Ku Chingola kunali situdiyo ya Malachite. Ena, monga gulu la Ngozi Family, anafika mpaka ku Nairobi m'dziko la Kenya. Malekodi ankadindidwa ku Ndola ndi kampani ya Teal, ndipo a Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour anatulutsa ambiri a iwo.

Popeza nthawi ya m'situdiyo inali yodula, gulu linkayamba layeserera mokwanira lisanalowe, cifukwa wolakwitsa mmodzi ankabwezetsa anzace onse poyambira. Makompyuta ndiwo anasintha zonsezi. Kampani ya Steinberg ya ku Hamburg m'dziko la Germany inatulutsa pulogalamu ya Cubase mu 1989, ndipo mu 1996 inabweretsa njira ya VST, imene inasandutsa zokometsera mau, zomwe kale zinali mabokosi a citsulo a mtengo wapatali, kukhala timapulogalamu tolowetsa m'kompyuta. Pulogalamu ya FL Studio, imene anyamata ambiri amayambirapo, ndi ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, ndipo inkachedwa FruityLoops kufikira caka ca 2003. Lero laputopu imodzi ya ku Chawama ingathe kusunga zokometsera zambiri kuposa zimene zinali mu DB Studios ndi Malachite kuphatikiza pamodzi. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Kucuruka kwa zida kwacurukitsanso malo olakwira.

KUTSATA NJIRA YA MAU

Mau ali ndi njira yao monga madzi a m'paipi. Amacoka pakamwa, n'kulowa m'maikolofoni, n'kudutsa m'nthambo, n'kufika mu sound card, n'kulowa m'pulogalamu, n'kudutsa m'zokometsera cimodzi ndi cimodzi, ndipo potsiriza amatulukira m'masipika. Madzi akaleka kutuluka pampopi wa m'komboni, munthu wanzeru sayamba ndi kugula cidebe catsopano. Amatsata paipi kuti aone pamene yatsekeka. Comweconso wojambula nyimbo. Zinthu zikasokonekera, azime zokometsera zonse, amvere mau monga analowera. Ngati ali oipa kale pamenepo, colakwa cili m'cipinda, m'maikolofoni kapena m'nthambo. Ngati ali abwino, ayatse zokometsera cimodzi cimodzi, akumvetsera, kufikira wolakwayo adziulula yekha.

Dandaulo loyamba la wophunzira limakhala lakuti cokometsera sicigwira nchito: wacipotoza uku ndi uku, koma nyimbo siisintha. Kawirikawiri cokometseraco cilibe mlandu. Mu FL Studio, ciimbiro ciliconse ciyenera kutumizidwa ku mzere wace wa pa mixer, kumene mau onse amasakanizidwira. Cikapanda kutumizidwa, cimalunjika ku mzere waukulu wochedwa master, ndipo zokometsera zoikidwa pa mizere ina sizicikhudza konse, monga munthu wothira feteleza m'munda wa mnzace n'kumadabwa kuti cimanga cace sicikula. Nthawi zina kanyali ka pambali pa cokometseraco kamakhala kozima, kapena kopotoza kace ka mix kali pansi penipeni.

Ngati maikolofoni yakhala cete, wojambula akumbukire kuti ya mtundu wa condenser imafuna magetsi a mavoti 48 ocokera mu sound card, ndipo pali batani loyatsira magetsiwo. Ngati cokometsera catsopano sicioneka pa mndandanda, pulogalamu iuzidwe kufufuzanso malo amene cinasungidwa. Adziwenso kuti kuyambira pa Cubase 9 ya mu 2016, pulogalamuyi inaleka kulandira zokometsera zakale za 32-bit.

KUPHWANYIKA KOFUNA NDI KOSAFUNA

Malemu Paul Ngozi, amene anakulira ku Chibolya ndipo anamwalira mu 1989, anachuka ndi gitala wolira mokalipa ngati macaka opala citsulo. Kulira kumeneko kunali kwadala, kocokera m'kabokosi koponda ndi phazi kochedwa fuzz, ndipo mwini wace ankadziwa pokayatsira ndi pokazimira. Ndiko kunacititsa kuti nyimbo zace zikhalebe zamoyo, kotero kuti mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatengako cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family n'kuciika m'nyimbo yace.

Kuphwanyika kwa mau kumene kumamveka m'nyimbo zambiri za ophunzira ndi kwa mtundu wina. Kompyuta ili ndi denga limene mau sangapitirire, lolembedwa 0 dB pa muyeso wace. Mau akagunda dengalo amadulidwa nsonga, kanyali kamafiira, ndipo liu la woimba limatuluka losweka. Mau akajambulidwa ali odulidwa cotero, kuwabweza monga analili n'kobvuta kwambiri. Mankhwala enieni ndi kujambulanso. Ncifukwa cace odziwa nchitoyi amayamba auza woimba kuti aimbe cigawo cimene akwezapo mau koposa, iwo n'kucepetsa kopotoza ka gain kufikira muyeso uima pakati pa -12 ndi -6 dB. Kukweza nyimbo kuti ifanane ndi za pa wailesi ndi nchito yotsiriza, si yoyambira ai.

MAU OCEDWA NDI KUTHETHEKA

Bvuto lina limakhumudwitsa woimba asanafike ndi pakati pa ndime yoyamba: amadzimva m'mahedifoni mocedwa, ngati wina alikumutsanzira pambuyo, ndipo amataya kagundidwe ka nyimbo. Gwero lace ndi ili. Kompyuta imadula sekondi iliyonse ya mau m'tizidutswa 44,100, ndipo siitenga kamodzikamodzi koma imayamba yaunjika mulu, umene uchedwa buffer. Mulu wa tizidutswa 1,024 umatenga mamilisekondi 23 kuti udzaze, ndiye kuti magawo 23 mwa magawo 1,000 a sekondi. Popeza mau amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kucedwa kumeneku kuli ngati kumva munthu woima pa mtunda wa mamita 8, ndipo kumacitika kawiri, polowa ndi potuluka. Mulu wa tizidutswa 128 umangotenga mamilisekondi 3, amene khutu siliwazindikira.

Koma mulu ukacepa, kompyuta imagwira nchito mothamanga, ndipo ikakhala yofooka imayamba kuthetheka ngati cimanga cokazinga. Cinsinsi tsono ndi kusiyanitsa nthawi ziwiri. Pojambula woimba, mulu ukhale waung'ono ndipo zokometsera zolemera zizimidwe. Posakaniza, pamene palibe wina alikuimba, mulu ukwezedwe kufika pa 1,024 kapena kuposa. Pa makompyuta a Windows asankhe njira ya ASIO yobwera ndi sound card yao. Ma sound card ambiri alinso ndi batani la direct monitor, limene limabweza mau kwa woimba asanalowe m'kompyuta, ndipo kucedwa kumatheratu.

CIPINDA NACO CIMAIMBA

Nyumba zambiri za m'makomboni ndi za mabuloko a simenti ndi denga la malata, ndipo zipinda zace n'zazing'ono. Mau akagunda zipupa zolimba zotere amabwerera m'maikolofoni, kotero kuti woimba amamveka ngati ali m'mgolo. Maikolofoni siisankha: imatola kulira kwa malata mvula ikamagwa, kuuwa kwa agalu, ana osewera pabwalo, ndi nyimbo za ku bala la pafupi.

Wophunzira sazimva zonsezi kufikira ataika compressor, cida cimene cimatsitsa mau okwera kuti afanane ndi otsika. Akacikanikiza kwambiri n'kukweza zotsalazo, phokoso lija limene linabisala pansi limatulukira poyera, ndipo iye amaganiza kuti cidaco caonongeka. Pa liu la munthu, kuyamba ndi muyeso wa 3:1 kapena 4:1, n'kutsitsa madesibelo atatu kufikira asanu ndi limodzi, kumakwanira. Ndi bwinonso kudula ndi EQ kugunda konse kwa pansi pa 80 Hz, pakuti kumeneko kumakhala kunjenjemera kwa magalimoto ndi mapazi, osati liu la woimba.

Ena amaika noise gate, citseko cimene cimatseka mau akacepa mphamvu. Cikaikidwa mwankhanza cimadya mathero a mau ndi kampweya kocepa kotuluka pakamwa. M'Cinyanja kampweya kameneka si kacabe ai, pakuti ndiko kasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Nyimbo imene omvera sangatolemo mau yataya theka la nchito yace.

Mathireyi a mazira amene ambiri amakhoma m'zipupa athandiza pang'ono cabe, saletsa phokoso la kunja, ndipo amagwira moto msanga m'nyumba younikira kandulo. Mabulangeti okhuthala opacika kumbuyo kwa woimba, matiresi woimika pakona, ndi kusankha nthawi imene komboni yagona zimaposa zokometsera khumi. Woimba aime kutali ndi maikolofoni ngati kutalika kwa cikhato cotambasula, ndipo pakati paikidwe kansalu kopyapyala kokunga pa waya, kochinga mphepo ya zilembo monga p ndi b.

MCERE WA REVERB NDI AUTO-TUNE

Palibe cokometsera cimene cimanyenga wophunzira koposa reverb, imene imapatsa mau maungwe ngati a m'chalichi cacikulu. Mbiri ya dziko lino ili ndi phunziro pa nkhaniyi. Cimbale ca Africa, cimene gulu la Amanaz la ku Kitwe linajambula ku Malachite n'kutulutsa mu 1975, cilipo m'mitundu iwiri: wina wouma, wina womizidwa mu reverb. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles itacitulutsanso mu 2015, inaika mitundu yonse iwiri pamodzi. Womvera angathe kudzionera yekha kuti nyimbo zomwezo, zoimbidwa ndi anthu omwewo, zimasintha nkhope cifukwa ca cokometsera cimodzi, ndiponso kuti zimaima zolimba ngakhale popanda ico, popeza zinaimbidwa bwino poyamba.

Colakwa ca ambiri ndi kuika reverb yosiyana pa ciimbiro ciliconse, zimene zimalemetsa kompyuta ndi kucititsa nyimbo kumveka ngati yoimbidwa m'nyumba zisanu nthawi imodzi. Njira yabwino ndi kuika reverb imodzi pa mzere wace wokha, ndipo mizere ina itumizeko mau pang'onopang'ono. Aikweze kufikira aimva, kenaka aibweze pansi pang'ono. Cimodzimodzi delay, imene imabwereza mau, iyenera kuyenda ndi liwiro la nyimbo. Masamu ace ndi apafupi: kugawa 60,000 ndi nambala ya kugunda kwa pa mphindi. Nyimbo yogunda ka 100 pa mphindi ifuna mamilisekondi 600.

Auto-Tune, yowongola liu lophonya, inatulutsidwa mu 1997 ndi kampani ya Antares, ndipo anaipanga ndi Andy Hildebrand, amene kale ankagwira nchito yofufuza mafuta pansi pa nthaka. Inachuka mu 1998 ndi nyimbo ya Cher yochedwa Believe. Cida cimeneci sicidziwa nyimbo. Cimangokokera liu ku noti yapafupi mwa manoti amene cauzidwa. Wophunzira akatenga kagundidwe ka nyimbo pa intaneti osadziwa kiyi yace, Auto-Tune imakokera woimba ku manoti olakwika, ndipo amene anaimba bwino amamveka wophonya. Iyenera kuikidwa poyambirira, patsogolo pa reverb ndi delay, ndipo imamva liu limodzi pa nthawi imodzi. Kwaya yonse yojambulidwa pa maikolofoni imodzi siingawongoledwe nayo. Kwayayo iyesererebe monga ankacitira akale.

MAGETSI NDI MAPULOGALAMU AKUBA

Kung'ung'udza kosalekeza kumene kumamveka pansi pa nyimbo kawirikawiri kumacokera ku magetsi, amene m'Zambia amayenda pa 50 Hz. Kuyesa kwace n'kosabvuta: azule chaja ya laputopu, amvere pa batire. Kung'ung'udzako kukaleka, gwero lapezeka. Zida zonse zilumikizidwe pa soketi imodzi, nthambo za mau zisagone pamodzi ndi za magetsi, foni ikhale patali, ndipo maikolofoni ikhale ndi nthambo ya mapini atatu ya XLR. Kuthyola pini ya earth pa pulagi pofuna kuthetsa phokoso ndi kusewera ndi imfa, pakuti piniyo ndiyo imateteza munthu wogwira citsulo ca maikolofoni.

Caka ca 2024 cinaphunzitsa ojambula zambiri. Mvula itakana, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo m'miyezi ina nyumba zambiri zinkalandira magetsi maola atatu okha pa tsiku. Ambiri anatembenukira ku majenereta ndi mainveta, amene ena a iwo amalowetsa phokoso lao m'nyimbo. Wojambula wanzeru amasunga nchito yace kawirikawiri, ndipo amakhala ndi kope lina pa flash, kuti khama la woimba lisazime pamodzi ndi nyali.

Pali matenda enanso amene wophunzira amadziitanira yekha. Zokometsera zina zongoyesera zimadula mau kapena kulowetsa phokoso mwadala kufikira munthu atazigula, ndipo FL Studio yoyesera imalola kusunga nchito koma osaitsegulanso. Pothawa izi, ambiri amalowetsa mapulogalamu akuba, amene nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi ndi kugwetsa kompyuta pakati pa nchito. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994, limene limateteza nyimbo za woimba, limatetezanso mapulogalamu a kompyuta. Munthu amene afuna kuti bungwe la ZAMCOPS limtolere ndalama za nyimbo zace sayenera kumanga nchito yace pa katundu wakuba. Zokometsera zobwera ndi pulogalamu n'zokwanira kwa woyamba, ndipo Audacity, imene inatuluka mu 2000, ndi yaulere.

MAYESO OTSIRIZA

Nyimbo siimathera m'situdiyo. Anthu a ku George ndi ku Mtendere adzaimvera pa foni, pa kawailesi ka m'kantemba, ndi m'minibasi yopita ku City Market. Kasipika ka foni sikatha kutulutsa kugunda kwa pansi kwambiri, kotero besi imene inagwedeza cipinda imasowa, ndipo nyimbo ya kalindula yopanda besi ili ngati nsima yopanda ndiwo. Zokometsera zotambasula nyimbo kumanzere ndi kumanja nazo zingathe kuzimiriritsa ziimbiro zina pa sipika imodzi. Cotero nyimbo isanaperekedwe kwa mwini wace, imvedwe pa zida zosiyanasiyana, imvedwenso m'mawa khutu litapumula, ndipo isungidwe m'mtundu wa WAV, osati MP3 yokha.

Sukulu ya Evelyn Hone College imaphunzitsa za nyimbo mu Lusaka momwe muno, koma si onse angafikeko. Kungakhale kothandiza ngati mabungwe monga National Arts Council of Zambia ndi Zambia Association of Musicians atamasonkhanitsa acinyamatawa m'maholo a m'makomboni, kuti akatswiri akale awaonetse nchito maso ndi maso. Kufikira tsiku limenelo, woyamba asacite manyazi kufunsa mnzace wa tsidya lina la mseu amene anayamba kale, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo woimba amene wabwera ndi ndalama zace ali ndi ufulu wopempha kumva liu lace lisanakometsedwe. Likakoma pamenepo, nchito yotsala ndi yocepa.